Harry Belafonte: woimba za nthochi amene ndalama zake zinkatulutsa anthu m'ndende

Gitala wa ku Ndirande: Akuluakulu muli pagulu pano, ndithandizeni. Pa ukwati wina achikulire anatipempha kuti tiimbe Jamaica Farewell, a bandi tonse tinangoyang'anizana. Nditafika kunyumba ndinaifufuza pa YouTube, ndipo mpaka lero ndikungomvera Harry Belafonte basi. Mawu ake ndi osasa pang'ono koma amalowa mumtima. Chandidabwitsa n'chakuti anthu akamamukamba amatchula kwambiri Martin Luther King kuposa nyimbo zake. Kodi bamboyu anali woimba kapena wandale?

aMbewe a ku Kasungu: Mwanawe, wafunsa bwino. Anali woimba, ndipo kuimbako ndi kumene kunkalipira ntchito inayo. Ukachotsa chimodzi, chinacho chigwa.

Anabadwira ku Harlem, mumzinda wa New York, pa 1 March 1927. Mayi ake anali ochokera ku Jamaica ndipo ankagwira ntchito m'nyumba za azungu. Bambo ake anali ophika m'sitima zapamadzi. Umphawi utakula, mayi anamutumiza kwa agogo ake ku Jamaica, komwe anakhala zaka zingapo ali mwana asanabwerere ku New York mu 1940. Nyimbo zimene ukumvazo anazimva kumeneko, m'misika ndi m'madoko. Sukulu ya sekondale sanamalize, analowa usilikali wapamadzi nthawi ya nkhondo yachiwiri. Atabwerako ankasesa ndi kukonza zowonongeka m'nyumba zogona anthu, ndipo tsiku lina wina anamupatsa matikiti a zisudzo m'malo mwa ndalama yothokoza. Anapita ku American Negro Theatre, mtima wake unakhala komweko. N'kumene anadziwana ndi Sidney Poitier, amene anadzatchuka m'mafilimu, mnzake wa moyo wonse. Iye ankafuna kukhala wazisudzo. Kuimba anayamba kuti apeze ndalama ya sukulu ya zisudzoyo.

Nabanda (Leeds): Bambo Mbewe mwayala bwino. Ine ndingowonjezera za chimbale cha 1956, chija chotchedwa Calypso. Chinakhala pa nambala 1 ku America kwa masabata 31, ndipo ndi chimbale choyamba cha woimba mmodzi kugulidwa makope oposa 1 miliyoni. Chaka chimenecho ndi chomwe Elvis Presley anatchuka, koma mnyamata wakuda woimba nyimbo za anthu osenza katundu anagulitsa chimbale kuposa onse.

Achimwene a gitala, mukamvetsere Day-O mwachifatse. Anthu amaivina mosangalala m'mabwalo a mpira, koma mwini nkhani m'nyimbomo ndi munthu wotopa. Wasenza mikoko ya nthochi usiku wonse kukweza m'sitima, kunja kwayamba kuyera, akuitana kalaliki kuti abwere awerenge mikoko imene wasenza, alandire yake azipita kwawo. Muli ngakhale kangaude waululu wobisala m'nthochimo. Mmodzi amatsogolera, gulu n'kuvomera, monga amachitira asodzi kunyanja akamakoka khoka, kuti mphamvu zitulukire pamodzi. Ndiye amene ankagula chimbalecho ku America ankalowetsa m'nyumba zawo dandaulo la wantchito wakuda, ambiri osadziwa n'komwe.

Gitala wa ku Ndirande: Eee achemwali, ine ndimayesa ndi nyimbo ya ana. Ndaimveranso pompano, kufuula koyambirira kuja kwasintha m'makutu mwanga.

aNkhoma: Pepani ndisokoneze chisangalalo pang'ono. Dzina loti mfumu ya calypso limene anamupatsa ine silindikhalira bwino. Calypso kwawo ndi ku Trinidad. Day-O ndi nyimbo ya ku Jamaica, mtundu wake ndi mento, ndipo Edric Connor anali ataijambula kale mu 1952. Eni calypso ndi a Lord Kitchener, a Mighty Sparrow, a Lord Melody, anthu amene ankapeka okha nyimbo chaka ndi chaka, kupikisana m'matenti nyengo ya Carnival isanafike, kudzudzula bwanamkubwa ndi apolisi mpaka boma la atsamunda kuyamba kufuna kuona mawu a nyimbo asanaimbidwe. Chaka chomwecho cha 1956 Sparrow ndi amene anavekedwa ufumu ku Port of Spain ndi nyimbo yake Jean and Dinah. Tsono wina wa ku New York, wa nkhope yokongola, malaya otsegula pachifuwa, atenge nyimbozo, azisalaze kuti azungu asatsamwe nazo, ndiye akhale mfumu? Chilungamo chili pati?

Nabanda (Leeds): aNkhoma simukunama. Kuno ku Leeds kuli anthu ambiri a ku Caribbean, Carnival yawo ya ku Chapeltown inayamba mu 1967, ndipo mayi wina wa ku Trinidad amene ndimagwira naye ntchito m'chipatala ukangonena kuti Belafonte ndi mfumu ya calypso amakuyang'ana ndi diso lofiira. Kwa iye mfumu ndi Sparrow, nkhani yatha. Koma mayi yemweyo tsiku limene Belafonte anamwalira, pa 25 April 2023, analira pa nthawi ya tiyi. Anati dzina ankakana, koma munthuyo sankamukana.

Ndipo mwini wake dzinalo sankalifuna. Linachokera kwa ogulitsa zimbale ndi a nyuzipepala. Iye ankanena poyera kuti calypso yeniyeni ili ku Trinidad, ndipo iye ndi woimba nyimbo za anthu wamba za m'mayiko osiyanasiyana.

aNkhoma: Kukana dzina n'kosavuta ndalama zikulowa m'thumba mwako.

aMbewe a ku Kasungu: Funso la ndalama ndi lolondola aNkhoma, ndipo tiliyankhe pawiri. Choyamba, kodi anaba? Kuba kwenikweni kunachitika kale iye asanatchuke. Rum and Coca-Cola ya Lord Invader inatengedwa ndi mzungu wina wa nthabwala n'kulembedwa dzina lake, a Andrews Sisters n'kuitchukitsa mu 1945, mpaka mwini wake anachita kukasuma kukhoti ku New York ndipo anapambana. Za Belafonte zinali zosiyana. Nyimbo zambiri za pa chimbale chija analemba ndi Irving Burgie, amene mayi ake anali a ku Barbados, ndipo dzina lake lilipo, malipiro ake ankalandira. Burgie yemweyo ndiye anadzalemba mawu a nyimbo ya fuko ya Barbados. Mama Look a Boo Boo ndi ya Lord Melody, ndipo Melody anadzagwira naye ntchito kwa zaka. Sindikunena kuti aliyense anapeza gawo loyenera. Oimba a ku Trinidad ambiri anafa osauka, ndipo zimenezo zimapweteka. Koma mawu oti wakuba samukwana.

Chachiwiri ndi chimene chimandichititsa kuti ndimulemekeze: ndalamazo zinapita kuti? Mu 1956 mbusa wachinyamata wa ku Montgomery anamuimbira foni kupempha kuti aonane. Anakumana m'chipinda chapansi pa tchalitchi cha Abyssinian Baptist ku Harlem. Mbusayo anali King, ali ndi zaka 27, pakati pa sitiraka ya mabasi. Kuyambira pamenepo thumba la Belafonte linakhala thumba la gulu lomenyera ufulu. King malipiro ake a ubusa anali ochepa kwambiri, ndalama ya mphoto ya Nobel anapereka yonse ku gulu. Amene ankathandiza mkazi wake Coretta ndi ana kunyumba anali Belafonte. Anafika pomulipirira King inshulansi ya moyo, podziwa kuti tsiku lina adzamupha ndipo ana adzatsala opanda kanthu. Ndipo anamuphadi ku Memphis pa 4 April 1968.

Nachisale (Johannesburg): Za inshulansizo zimandigwira pakhosi nthawi zonse. Kumukonda mnzako mpaka kukonzekera umasiye wa ana ake iye akadali moyo.

aMbewe a ku Kasungu: Ku Birmingham mu 1963 King atatsekeredwa, komanso ana asukulu mazanamazana atadzaza m'ndende chifukwa cha zionetsero, vuto linali belo. Boma la kumeneko linkadziwa kuti likakweza belo anthu aziopa kutuluka mumsewu. Belafonte anasonkhanitsa madola 50,000, mabungwe a antchito nawo anaponyapo zawo, ana anatuluka. Ife timakumbukira zolankhula za King, koma zionetsero zimafuna mafuta a galimoto, lendi ya ofesi, maloya ndi belo. Mbali imeneyo siimveka m'mabuku a sukulu.

aZulu a ku Chipata: Ndipo sikunali kungolemba cheke ali khale m'nyumba ku New York ayi. Mu August 1964, atangopezeka matupi a anyamata atatu aja, Chaney, Goodman ndi Schwerner, amene anaphedwa ku Mississippi chifukwa cholembetsa anthu akuda kuti azivota, gulu la ophunzira la SNCC linatha ndalama. Kutumiza kudzera kubanki kunali kuika moyo wa wolandirayo pachiswe, chifukwa a banki ndi apolisi ndi a Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza ndi kupha anthu akuda, kumeneko kunali kudyera mbale imodzi. Belafonte anaika madola oposa 50,000 m'chikwama, n'kumunyengerera Poitier kuti apite limodzi. Anatera usiku pa kabwalo ka ndege ku Greenwood. Atangokwera galimoto, a Klan anawathamangitsa, kumagunda galimoto yawo kumbuyo, mpaka magalimoto a anyamata a SNCC anabwera kudzawatchinga. Atafika pa holo pamene anthu ankawadikira, gulu lonse linaimba Day-O yomweyo, atasintha mawu kuti akambe za ufulu umene ukubwera.

Anthu awiri akuda otchuka kwambiri ku America nthawi imeneyo, aliyense ali ndi zonse zoti ataye. Akanatha kutuma munthu.

Gitala wa ku Ndirande: Bambo Zulu, ndiye kuti nyimbo ija inabwerera kwa eni ake, anthu otopa odikira kuti kuche.

aNkhoma: Za Greenwood sindingatsutse. Pamenepo ndavula chipewa. Koma mfundo yanga ya Trinidad ikhalebe pomwe ndaisiya.

Nabanda (Leeds): Ikhale, siikulimbana ndi inayi.

aZulu a ku Chipata: Pali kanthu kena kamene ife a ku Zambia tiyenera kukadziwa. Chaka chomwecho, mu September, ataona kuti anyamata ndi amayi a SNCC atopa ndi kumenyedwa komanso maliro, Belafonte anakonza zoti ena mwa iwo apite ku Guinea akapume, ngati alendo a pulezidenti Sékou Touré. M'gulumo munali mayi Fannie Lou Hamer, amene anakulira m'minda ya thonje ndipo apolisi anawamenya mpaka kuwavulaza impso chifukwa chofuna kuvota. Mayiwa ankasimba moyo wawo wonse mmene anadabwira kuona anthu akuda akuyendetsa ndege, akugwira ntchito m'banki, akulamulira dziko. Enawo atabwerera, John Lewis ndi mnzake Don Harris anapitiriza ulendo mpaka anafika ku Lusaka, ndipo analipo pamene mbendera ya Britain inkatsika pa 24 October 1964. John Lewis yemweyo amene miyezi yochepa pambuyo pake anaswedwa mutu pa mlatho ku Selma, kenako n'kudzakhala phungu kwa zaka zoposa 30.

aMbewe a ku Kasungu: Ndipo taonani masiku ake. Lamulo lothetsa tsankho m'malo opezekamo anthu onse ku America linasainidwa pa 2 July 1964. Ife tinalandira ufulu pa 6 July. Sabata imodzi. Belafonte ankaona kuti nkhondo ya ku Mississippi ndi ya kuno ndi imodzi kalekale anthu ambiri asanaione choncho. Anaphunzira zimenezo kwa Paul Robeson, woimba wakuda wa ku America amene ankamutenga ngati bambo wake pa nkhani za luso ndi ndale, ndipo boma la America litamulanda Robeson pasipoti, Belafonte sanamuthawe. Mu 1959 iye, Poitier ndi Jackie Robinson anathandiza Tom Mboya wa ku Kenya kupeza ndalama ya ndege imene inanyamula ophunzira 81 kupita ku makoleji a ku America. Ndege ya chaka chotsatira inanyamula Wangari Maathai, mayi wa ku Kenya amene anadzalandira mphoto ya Nobel.

Nachisale (Johannesburg): Ndakhala ndikudikira kuti wina atchule mayi Miriam Makeba, tsono ndiyamba ndekha. Kuno dzina la Belafonte limabwera ndi la mayiwa. Anakumana ku London mu 1959, Makeba atangotuluka m'dziko muno chifukwa cha filimu ya Come Back, Africa. Iye ndiye anawathandiza kulowa ku America ndi kuwatsegulira makomo a wailesi yakanema ndi makalabu. Mu 1960 mayi awo atamwalira, Makeba anafuna kubwera kumaliro n'kupeza kuti pasipoti yawo yathetsedwa. Anakhala kunja mpaka 1990. Amene tili kunjafe tikudziwa kulemera kwa kulephera kukaika mayi ako m'manda. Nthawi yonse yoyambirira ija amene anawagwira dzanja anali Belafonte, ndipo iwo ankamutchula kuti mchimwene wawo wamkulu. Hugh Masekela nayenso anathandizidwa ndi iye pamene ankaphunzira nyimbo ku New York.

Chimbale chawo cha 1965, An Evening with Belafonte/Makeba, mukachipeze achimwene a gitala. Nyimbo zake ndi za m'Chizulu, Chixhosa, Chisotho ndi Chiswahili, ndipo zina zikutchula Verwoerd, mtsogoleri wa boma la tsankho nthawi imeneyo, ndi ndende za bomalo mosabisa. Muli Malaika, akuimba awiriwo. Chinapata Grammy mu 1966. Taganizani, munthu amene akanatha kumangobwereza nyimbo za m'mbali mwa nyanja n'kumalemera, anasankha kuphunzira kutchula zilankhulo zathu n'kuika dzina lake pa chimbale chotsutsa boma limene America inkachita nalo malonda.

Anadzasemphana pambuyo pake, ubale wawo unazirala kwa zaka, ndipo zimenezo zimandimvetsa chisoni. Koma chimene anachita poyamba sichifafanizika.

aSakala a ku Harare: Moni nonse, ndalowa mochedwa. Kuno ku Harare anafika mu 1988 ali kazembe wa UNICEF, pa msonkhano wa oimba ndi alembi wokamba za ana a kumwera kwa Africa, ndipo anaimba pamaso pa anthu. Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Mozambique inali pachimake, anthu akuthawira ku Malawi ndi kuno. Chaka chomwecho anatulutsa Paradise in Gazankulu, chimbale chimene zing'wenyeng'wenye zake zinaimbidwa ndi oimba a ku South Africa, mulinso mawu a Brenda Fassie. Iye sakanatha kuponda ku Johannesburg, ndiye mawu ake anajambulira kunja. Ndipo ku Wembley pa 11 June, pa chikondwerero cha zaka 70 za Mandela akadali m'ndende, iye ndi amene analankhula potsegulira.

Nachisale (Johannesburg): Zikomo bambo Sakala. Anamangidwaponso pa zionetsero kunja kwa ofesi ya kazembe wa South Africa ku Washington, ndipo Mandela atapita ku America mu 1990, iye anali m'gulu la okonza ulendowo.

Gitala wa ku Ndirande: Koma kutchuka konseko, tsankho linkamukhudza iyeyo? Ndimaganiza kuti munthu akalemera chotero azungu amamusiya.

Nabanda (Leeds): Ayi ndithu. Ankaimba m'mahotela momwe poyamba sankaloledwa kugona kapena kulowera khomo lakutsogolo. Kwa zaka zingapo anakaniratu kukaimba m'zigawo za kumwera kwa America chifukwa anthu ankakhala mosiyanitsidwa m'maholo. Ku New York komweko, atafuna nyumba ya lendi pa West End Avenue, anamukaniza atadziwa kuti ndi wakuda. Anatuma mzungu womugwirira ntchito kukatenga mapepala, kenako iye ndi anzake anagula nyumba yonseyo. M'nyumba imeneyo ndi momwe King ankafikira, ndipo misonkhano yambiri yokonza zionetsero inachitikira pabalaza pake.

Ina ndi ya 1968. Woimba wa kuno ku Britain, Petula Clark, anamuitana pa pulogalamu yake ya pa wailesi yakanema ya NBC ku America. Akuimba limodzi nyimbo yodana ndi nkhondo, mayiyo anamugwira pamkono. Pamkono pokha. Woimira kampani ya galimoto imene inkalipira pulogalamuyo anati ajambulenso, anthu a kumwera akwiya. Petula ndi mwamuna wake anakana, n'kufafaniza zojambula zina zonse kuti itsale yomweyo. Inaonetsedwa choncho. Munthu woti anali kale ndi mphoto ya Tony ya 1954 ndi Emmy ya 1960, koma khungu lake likhale nkhani chifukwa mzimayi wachizungu walikhudza.

aMbewe a ku Kasungu: Chaka chomwecho mu February, Johnny Carson anamusiyira pulogalamu ya Tonight Show kwa sabata yathunthu. Iye anaitana King ndi Robert Kennedy kudzacheza usiku m'nyumba za Amereka mamiliyoni. Pofika June onse awiri anali ataphedwa.

aNkhoma: Ndibwerenso ndi yanga ina, musandithamangitse. We Are the World, nyimbo ija yosonkhetsa ndalama za njala ya ku Ethiopia. Tonse tikudziwa kuti maganizo anachokera kwa iye, Michael Jackson ndi Lionel Richie n'kulemba, Quincy Jones n'kuyendetsa, mu January 1985. Ndalama zinapezeka zambiri, madola oposa 60 miliyoni. Koma kuyambira pamenepo mzungu akamva Africa amaona mwana wa ntchentche kumaso. Njala ya ku Ethiopia sinali ya chilala chokha, munali nkhondo ndi boma la Mengistu limene linkasamutsa anthu mokakamiza. Nyimboyo inabisa zonsezo n'kusiya chifundo chokha. Ndipo m'chipinda chojambulira muja munalibe woimba wa ku Africa ngakhale mmodzi wopatsidwa mzere.

Nachisale (Johannesburg): Pa chithunzi cha Africa ndikugwirizana nanu, chimatipweteka mpaka lero. Koma mwana amene anali ku Korem, msasa wa anthu othawa njala ku Ethiopia, chaka chimenecho ankafunika phala tsiku lomwelo, osati mkangano wathuwu. Ndipo mwa anthu onse anali m'chipinda muja, Belafonte ndi amene sitingamunene kuti Africa anaidziwira pa njala. Anali atayenda nafe zaka 25 zisanachitike zimenezo, ndipo zitatha sanabwerere kukagona. Anapita iye mwini ku Ethiopia ndi ndege ya katundu, anapita ku Rwanda mu 1994, anabwera kuno kudzalankhula za Edzi.

aZulu a ku Chipata: Ndipo onani pamene anaima pa kanema wa nyimboyo. Mwini maganizo, koma sanatenge mzere wa yekha. Ali m'kwaya kumbuyo. Usiku umenewo oimba anzake anangoyamba okha kumuimbira Day-O momulemekeza, iye misozi ili m'maso.

aNkhoma: Munthuyo sindikumutsutsa. Ndikutsutsa chimene nyimbo ija inabala.

aSakala a ku Harare: Zimenezo n'zomveka. Ine chimene ndimamukondera n'chakuti ukalamba sunamufewetse. Ambiri akalandira mamendulo amayamba kulankhula mosamala. Iye mu 2002 anamuyerekeza Colin Powell, nduna ya America yoona za kunja nthawi imeneyo, ndi kapolo wa m'nyumba ya bwana, nkhondo ya Iraq ili pafupi. Mu 2006 ali ku Venezuela anamutchula George W. Bush kuti chigawenga chachikulu pa dziko lonse. Obama amene, sanamusiye.

Nabanda (Leeds): Apo bambo Sakala ine ndimasiyana naye pang'ono. Mawu a kwa Powell aja anapyola. Ukhoza kutsutsa nkhondo popanda kumuvula munthu ulemu wake wonse, makamaka ndi chilonda cha ukapolo chimene onse awiri anabadwa nacho, poti Powell nayenso makolo ake anali a ku Jamaica. Komanso ankafulumira kukhulupirira atsogoleri ena chifukwa choti akutsutsana ndi America. Sékou Touré amene uja anali ndi ndende ya Camp Boiro momwe munafera anthu ambiri, kuphatikizapo Diallo Telli, mlembi wamkulu woyamba wa OAU, bungwe la mgwirizano wa mayiko a mu Africa. Ife Amalawi tikudziwa kuti womenyera ufulu akhoza kusanduka womanga anthu ake.

aMbewe a ku Kasungu: Mwanena zoona mayi, ndipo kumulemekeza sikufuna kuti tibise zimenezo. Anali munthu waukali, mwini wake ankavomera kuti mkwiyo anakula nawo kuyambira ku Harlem, ndipo kuti King ndi amene anamuphunzitsa kuumangirira pa ntchito. Nthawi zina unkadumpha. Koma mkwiyo womwewo ndi umene unamudzutsa mu 2005, ali ndi zaka 78, ataona pa kanema kamtsikana kakuda ka zaka 5 kakumangidwa unyolo ndi apolisi pa sukulu ku Florida. Anaitanitsa achikulire anzake ndi achinyamata, n'kuyambitsa bungwe la Gathering for Justice lolimbana ndi kutsekera ana m'ndende. Pa msinkhu umenewo anzake anali akuwerenga mamendulo.

Gitala wa ku Ndirande: Ndaonanso kuti anakangana ndi Jay-Z. Zinali zotani?

aSakala a ku Harare: Mu 2012 anafunsidwa za oimba akuda a masiku ano, iye n'kunena kuti ali ndi mphamvu ndi chuma koma afulatira udindo wawo kwa anthu, ndipo anatchula Jay-Z ndi Beyoncé. Jay-Z anayankha kuti kupezeka kwake kokha pamwambapo ndi thandizo kwa anthu akuda. Kwa munthu amene anathamangitsidwa ndi a Klan atanyamula chikwama cha ndalama, yankho limenelo silikanamukwanira.

aNkhoma: Apa ndiye ndili kumbali ya mkuluyo kwathunthu.

Gitala wa ku Ndirande: Funso limeneli likutikhudza ife oimba tonse, ngakhale ife a m'maukwati. Ndiliganizira. Koma ndibwerere ku gitala, poti ndi imene inandibweretsa. Ndiyambe ndi ziti?

Nabanda (Leeds): Jamaica Farewell yomweyo. Makodi ake ndi atatu okha, koma musaithamangitse. Ndi nyimbo ya munthu amene akukwera sitima kusiya wokondedwa ku Kingston, ndipo aliyense amene anakwerapo basi ya ku Joni amaimva m'mafupa. Chinsinsi chake chili pa kutchula mawu. Poti anaphunzira zisudzo, nyimbo iliyonse ankaisewera ngati nkhani, liwu lililonse limamveka mpaka kumapeto kwake.

aMbewe a ku Kasungu: Kenako upeze chimbale chimene anajambula ku Carnegie Hall mu 1959, umvere Matilda. Amaikoka kwa mphindi zoposa 10, kugawa holo yonse m'magulu, awa ayimbe, awa ayankhe, a mipando yotchipa kumwamba, amayi achikulire, oimba zing'wenyeng'wenye, mpaka anthu ovala masuti aja aiwala ulemu wawo. Ngati ukufuna kuphunzira kugwira gulu la anthu pa ukwati, sukulu yake ndi imeneyo. Ndipo nyengo ya Khirisimasi ikafika, Mary's Boy Child imene timaidziwa ndi Boney M ija, woyamba kuitchukitsa ndi iyeyu. Analemba ndi Jester Hairston, ndipo ya Belafonte inali pa nambala 1 ku Britain pa Khirisimasi ya 1957. Yake ndi yodekha, yoyenera m'tchalitchi.

aNkhoma: Ukatha zimenezo mphwanga, upite kwa eni ake. Lord Kitchener, amene anatsika sitima ya Empire Windrush ku Tilbury, ku England, mu 1948 ndipo anaimbira Ghana nyimbo ya ufulu wake. Mighty Sparrow. Calypso Rose wa ku Tobago, mayi woyamba kupambana mpikisano waukulu uja mu 1978, mpaka dzina la mphoto analisintha poti silikanakhalanso la mfumu yaimuna. Ukamva amenewo udzadziwa chimene Belafonte anatenga ndi chimene anasiya.

Nachisale (Johannesburg): Ndipo Malaika musaisiye. Mupeze mtsikana wa mawu abwino muimbe awiri.

Gitala wa ku Ndirande: Tili naye mu bandi, amaimba kwaya ku Chilomoni. Ndamutumizira kale. Bambo Mbewe, Matilda ija ndaipeza, koma pali ziwiri, ina ya mphindi zitatu. Ndi iti?

aMbewe a ku Kasungu: Yaitaliyo mwanawe. Yaifupiyo ndi ya mu situdiyo, mulibe anthu oyankha.